Masauko Chipembere: Lilime Limene Linazengedwa Mlandu Katatu

Nthawi zonse phungu wa Nyumba ya Malamulo akamenyedwa, kapena galimoto yake ikagendedwa, kapena nyumba yake ikatenthedwa, mlandu umene umayamba kuzengedwa ndi wa pakamwa, wa dzanja limene linatola mwala umabwera pambuyo. A chipani ichi amati moto unakolezedwa ndi mawu a atsogoleri a chipani icho. A chipani icho nawo amafukula mawu amene anzawo analankhula pa msonkhano wa mwezi watha, nati gwero la zonse ndi limenelo. Mkangano wotere si wachilendo m'Malawi. Unalipo dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo palibe munthu amene moyo wake umauonetsa poyera koposa Henry Blasius Masauko Chipembere. Katatu konse, mu 1959, mu 1961 ndi mu 1964, mawu awo anaimbidwa mlandu wa ziwawa, ndipo anthu amene anawaombera m'manja ulendo wachiwiri ndi omwewo amene anawatcha chigawenga ulendo wachitatu. Mbiri yawo iyenera kudziwika kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, pakuti iwo anayamba ngati wantchito wa boma, anakhalapo Nduna ya Maphunziro, natsiriza moyo wawo ali mphunzitsi.

Ubwana ndi maphunziro

A Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, m'dera la Ntchisi, limene masiku amenewo linali pansi pa boma la Kota Kota. Bambo awo, a Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mishoni ya Angilikani amene pambuyo pake anadzozedwa unsembe, ndipo banjali linakhazikika ku Malindi, m'mbali mwa nyanja m'boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi. Mnyamatayo anaphunzira pa Blantyre Secondary School, napita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, natsiriza pa koleji ya Fort Hare ku South Africa, kumene kunaphunziranso a Nelson Mandela, a Robert Mugabe ndi a Orton Chirwa. Anakhala m'dziko limenelo pa zaka zimene malamulo a tsankho anali kukhwima, ndipo anabwerera kwawo ali ndi mantha aakulu kuti ulamuliro wa Azungu okhazikika ukafalikira kumpoto kwa Zambezi, Nyasaland sadzauchotsanso.

Atabwerako analowa ntchito ya boma monga wothandiza Bwana D.C., nagwira ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Anali mmodzi wa Aafirika oyamba kupatsidwa udindo wotere. Ofesi ya boma anaidziwira m'kati: mmene msonkho unali kutoleredwa, mmene mafumu anali kulangizidwira, ndi malire amene munthu wakuda wophunzira sanali kuloledwa kudumpha.

M'Nyumba ya Malamulo

Mu 1953 Nyasaland analowetsedwa m'Chitaganya pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia, eni dziko akukana. Mkwiyo wa anthu unalinso ndi mizu ina ya kumudzi. Alimi a m'chigwa cha Lilongwe, a ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Namitete, anali kudandaula za mitengo ya fodya imene bungwe la boma linali kuwaikira, ndiponso za malamulo a malimidwe amene anali kukakamiza munthu kupanga mizere ndi migula monga mwa muyeso wa alangizi, apo ayi alipitsidwe kapena amangidwe. Tchire linali louma kale, ndipo akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Mu Malichi 1956 Aafirika asanu anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba: a Chipembere ndi a N.D. Kwenje a kumwera, a Kanyama Chiume a kumpoto, a Dunstan Chijozi ndi a James Ralph Chinyama a m'chigawo chapakati. A Chinyama, mlimi ndi wamalonda wa ku Lilongwe amene anakhalapo mtsogoleri wa Nyasaland African Congress, anali a mbadwo wakale, wolankhula mofatsa ndi mopempha. A Chipembere, amene anali ndi zaka 25 zokha, ndi a Chiume anabwera ndi kalankhulidwe kena. Anali kufunsa mafunso olasa, kutsutsa akuluakulu a boma maso ndi maso, ndi kunena mosabisa kuti Nyasaland atuluke m'Chitaganya. Mabuku a Hansard, osunga zonse zolankhulidwa m'Nyumbayo, amene kale sanali kulabadiridwa, anayamba kugulidwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki, nawerengedwa mokweza pamaso pa amene sanadziwe Chingerezi.

Mphamvu ya a Chipembere inali pamenepa, ndipo dziko lino lili ndi mangawa kwa iwo chifukwa cha kulimba mtima kumeneko. Koma m'zaka zomwezo munafesedwa mbewu ina. Congress inali ndi mamembala ake awiri, a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, m'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya ku Salisbury. A Chipembere ndi a Chiume anaumirira kuti awiriwo atule pansi udindo, ndipo atakana anachotsedwa m'chipani mu 1957. Kuyambira pamenepo Mwafirika aliyense woganiza mosiyana anayamba kutchedwa wogulitsa dziko, kapena kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society. Munthu akapatsidwa dzinali sanali kufunsidwanso maganizo ake, ndipo sitolo yake, munda wake ndi thupi lake zinali pa ngozi.

Kuitana Dr. Banda

A Chipembere anadziwa kuti anthu a kumidzi sadzatsatira anyamata. Tsono analembera Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo anali ku Ghana, kuwapempha kuti abwere kudzatsogolera. M'makalata awo anafotokoza kuti anthu amafuna ngwazi yoti aziitamanda, ndi kuti Dotoloyo asadabwe akamva akulengezedwa ngati mpulumutsi, pakuti mbiri yawo inayenera kumangidwa dala. Dr. Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress, napatsidwa mphamvu yosankha okha akuluakulu anzawo. A Chipembere anakhala msungichuma, a Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, a Chiume mneneri wa chipani. Anyamatawa anayenda dziko lonse kuphunzitsa anthu kuti mtsogoleri ndi mmodzi ndi kuti womutsutsa ndi mdani wa ufulu.

Mlandu woyamba: 1959

Pa 25 Januwale 1959 akuluakulu a Congress anachita msonkhano wa m'tchire pafupi ndi Blantyre, Dr. Banda palibe. Akazitape a polisi, amene ambiri anangomva za m'maluwa, anauza boma kuti kumeneko kunakonzedwa chiwembu chopha Bwanamkubwa, akuluakulu a boma, Azungu, Amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi boma. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Sir Robert Armitage anakhazikitsa malamulo a nthawi ya ngozi. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo oposa 50 anaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. A Chipembere anatsekeredwa ku Gwelo ku Southern Rhodesia, pamodzi ndi Dr. Banda ndi abale awiri a Chisiza.

Boma la ku Mangalande linatuma bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Sir Patrick Devlin. Lipoti lake, limene linatuluka mu Julayi 1959, silinakondweretse mbali iliyonse. Linapeza kuti chiwembu chopha anthu mwaunyinji panalibe. Linapezanso kuti pa msonkhano uja panalankhulidwadi za kumenya ndi kupha, kuti Congress inali itapendekera ku ziwawa, ndi kuti boma linayenera kuchitapo kanthu. Linati Nyasaland anasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Za Dr. Banda linati mfundo za m'zolankhula zawo zinali zofatsa koma kalankhulidwe kake kanali koutsa mitima, ndipo a Chipembere linawaika pakati pa otentha kwambiri m'chipanimo.

Zimene zinachitika m'Nyumba ya Malamulo ya ku London pa 28 Julayi 1959 n'zimene zachitika kambirimbiri chiyambire. Chipani cholamula cha Conservative chinatola ndime zimene zinati boma linayenera kuchitapo kanthu, chinakana zotsalazo. Chipani chotsutsa cha Labour chinatola ndime za dziko la apolisi ndi za chiwembu chimene panalibe, n'kunena kuti nduna zimene zinalengeza za kuphedwa kwa Azungu ndizo zinakoleza moto. Lipoti linali limodzi, koma aliyense anachekapo nthuli yomukomera.

Mlandu wachiwiri: 1961

Malawi Congress Party inakhazikitsidwa mu Sepitembala 1959 motsogozedwa ndi a Orton Chirwa, ndipo Dr. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, napempha anthu kuti asunge bata ndi mtendere. A Chipembere anali pakati pa otsiriza kutulutsidwa. Anamasulidwa kumapeto kwa Sepitembala 1960, naonetsedwa kwa khamu pa msonkhano waukulu wa ku Kota Kota, umene unapatsa Dr. Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wawo wonse.

Miyezi yotsatira inali yotentha. A Chester Katsonga, amene kale anali wapampando wa Congress ku Blantyre, anayambitsa chipani cha Christian Democratic Party. Nyuzipepala ya Malawi News inanena kuti chipanicho chinali chida cha Arkiepiskopi wa Katolika wa ku Blantyre ndi cha utsamunda wa ku Vatican. Mawu otere anaika pa mpanipani Akatolika ambiri amene analinso ndi khadi la chipani, monga aphunzitsi a masukulu a mishoni za Likuni, Nambuma ndi Namitete, pakuti anaoneka ngati akuuzidwa kusankha pakati pa mpingo wawo ndi dziko lawo. Sipanapite nthawi, nyumba ya a Katsonga inatenthedwa.

Mu Disembala 1960, pa msonkhano wa ku Rumphi, a Chipembere analankhula za a Michael Blackwood, loya wa ku Blantyre, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndiponso mmodzi wa atsogoleri a United Federal Party m'Nyasaland. Anauza khamu kuti akadakonda munthuyo ataperekedwa m'manja mwawo ali wamoyo kuti amukhadzulekhadzule. Boma linawazenga mlandu woutsa mtima woukira ndi wolimbikitsa ziwawa pa msonkhano, ndipo kumayambiriro kwa 1961 anagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu.

Apanso mbali ziwiri zinalozerana zala. A United Federal Party anati mawu a ku Rumphi ndi moto wa pa nyumba ya a Katsonga zinali mtengo umodzi, ndi kuti chisankho sichingakhale chaufulu pamene otsutsa akugona kutchire. A Malawi Congress Party anayankha kuti amene anaombera anthu pa Nkhata Bay alibe pakamwa podzudzulira munthu chifukwa cha mawu okha, ndipo anatenga a Chipembere ngati ngwazi yozunzikira dziko. Mbali zonse ziwiri zinali ndi choonadi chake. Koma panalibe wa Chitaganya amene anavomera kuti mkwiyo wa anthu unali ndi chifukwa, ndipo m'chipani cha Malawi simunamveke liwu lolimba lonena kuti kulankhula za kukhadzula phungu, kaya ndi Mzungu kaya ndi mdani, n'kulakwa.

A Chipembere anakhala m'ndende ya Zomba zaka ziwiri. Pa chisankho cha 15 Ogasiti 1961 chipani chawo chinatenga mipando yonse 20 ya kaundula wa m'munsi ndi iwiri mwa isanu ndi itatu ya kaundula wa pamwamba, ndipo bambo awo, wansembe uja, anasankhidwa ku Fort Johnston kuti awasungire mpando. Mu Sepitembala 1962 bwenzi lawo a Dunduzu Chisiza, amene anali atayamba kuchenjeza za kuopsa kwa ulamuliro wa munthu mmodzi m'maiko atsopano a mu Afirika, anafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe. A Chipembere anatulutsidwa mu Januwale 1963, napatsidwa unduna wa maboma aang'ono, pambuyo pake wa Maphunziro. Monga nduna, sanabwezere lilime m'chimake. Anapitiriza kunena poyera kuti otsutsa chipani alibe malo m'dziko latsopano.

Mlandu wachitatu: 1964

Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe mwezi, Dr. Banda atabwera ku msonkhano wa atsogoleri a mu Afirika ku Cairo, anadzudzula nduna zawo pamaso pa khamu pa Chileka. Ndunazo zinali ndi madandaulo awo: tiki imene odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala za boma, lipoti la Skinner limene linakhudza malipiro ndi zolowa za Aafirika ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo aakulu kwa eni dziko, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, nkhani ya thandizo la ku China, ndiponso mchitidwe wa Nduna Yaikulu wozitcha anyamata ake pagulu. Kumapeto kwa Ogasiti zinalemba madandaulowa ku Kuchawe, pa phiri la Zomba. Pa 7 Sepitembala Dr. Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi udindo pogwirizana ndi anzawo.

Zonsezi zikuyamba, a Chipembere anali ku Canada pa msonkhano wa zamaphunziro. Anafika Nyumba ya Malamulo ili pakati pa zokambirana za pa 8 ndi 9 Sepitembala, zofuna kuonetsa kuti aphungu akukhulupirirabe Nduna Yaikulu. Nawonso anatula pansi unduna, nakakhala pa mipando ya kumbuyo. Chodabwitsa n'chakuti pa tsiku limenelo munthu amene ankadziwika ndi moto analankhula mofatsa koposa ambiri. Anateteza anzawo, anakumbutsa Nyumbayo kuti anthu amene anatsekeredwa limodzi ndi Dr. Banda sangasanduke adani usiku umodzi, napempha kuti mbali ziwirizo zikambirane. Moto unachokera ku mbali inayo. Nduna zochotsedwazo zinanenedwa kuti zinapangana ndi kazembe wa China ku Dar es Salaam, zinatchedwa zoukira ndi zogulitsa dziko, ndipo aphungu ena anapikisana pozinyoza. Mawu onse amene anasulidwa kuti alase a Manoah Chirwa, a Katsonga ndi a Blackwood anatembenuzidwa tsopano kuloza eni ake amene anawasula.

Dr. Banda anasankha nduna zatsopano, pakati pawo a Richard Chidzanja a ku Lilongwe, nadalira kwambiri chigawo chapakati, kumene mafumu ndi alimi anali nawo nganganga. A Chipembere anapita kwawo ku Fort Johnston, ndipo kumeneko mawu awo anayambanso kuwawa. Misonkhano imene anakonza ku Blantyre kumapeto kwa Sepitembala inaletsedwa, ndipo otsatira awo anamenyana ndi anyamata a chipani. Ku Zomba, likulu la dziko pa nthawiyo, ogwira ntchito m'boma ambiri anali kumbali ya nduna zochotsedwa chifukwa cha nkhani ya Skinner ndi ya maudindo. Anyamata a chipani atabweretsedwa kuchokera kunja kwa tauni kudzatseka msika, makalaliki ndi amesenjala anatola zibonga, nawathamangitsa. Ofesi ya chipani inatenthedwa, zina mwa nduna zatsopano zinamenyedwa, ndipo pofika pa 30 Sepitembala nduna za Dr. Banda zinali zitachoka m'tauniyo kufikira asilikali ndi apolisi atabwezeretsa bata. Mwezi wotsatira a Orton Chirwa, loya, phungu ndi woyambitsa chipani, anamenyedwa ndi anthu a mbali ya boma ku Zomba komweko pamene anapita kukaonana ndi Nduna Yaikulu.

Motero m'masabata owerengeka aphungu a mbali zonse ziwiri analawa chibonga, ndipo mbali iliyonse inaona mabala ake okha. A boma anati zolankhula za a Chipembere ndizo zinasokoneza mitu ya ogwira ntchito m'boma, amene lumbiro lawo ndi kutumikira boma la tsikulo. A mbali inayo anati amene anatcha anzawo oukira m'Nyumba ya Malamulo, natumiza anyamata ku msika wa Zomba, ndiwo anayatsa moto. Mu 1959 kunabwera woweruza wochokera kunja kudzamva mbali zonse. Mu 1964 kunalibe bungwe lotere, ndipo mlandu unagamulidwa ndi amene anali ndi mphamvu.

Kutchire ndi kudziko la eni

A Chipembere analamulidwa kuti asapitirire mamailosi anayi kuchokera kunyumba kwawo ku Malindi. Mu Okutobala anazemba, nalowa m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, pamene anzawo anathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Usiku wa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera anthu pafupifupi 200, nalanda boma la Fort Johnston, natenga mfuti za kupolisi. Pa chipwirikiti chimenecho mkazi wa wapolisi ndi mwana wake anaphedwa. Gululo linalunjika ku Zomba, koma litafika pa Liwonde linapeza pantoni yoolotsera ili tsidya lina la Shire, ndipo asilikali a boma analibalalitsa. Apa panalibenso zokangana za tanthauzo la mawu. Munthu amene anatchuka chifukwa cha Hansard anali atanyamula mfuti kuukira boma losankhidwa, ndipo amene analipira mtengo wake anali anthu wamba a midzi ya ku Fort Johnston, amene nyumba zawo zinatenthedwa ndipo ambiri anatsekeredwa. Mmodzi wa akuluakulu a gululo, a Medson Silombela, ananyongedwa ku Zomba mu 1966.

Matenda a shuga atawafooketsa, a Chipembere anatulutsidwa m'dziko mwakachetechete mu Epulo 1965, mothandizidwa ndi Bwanamkubwa Sir Glyn Jones ndi akuluakulu a ku America, nakafika ku California. Mu 1966 anapita ku Dar es Salaam, kumene anaphunzitsa pa Kivukoni College nayambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Mu 1969 anabwerera ku Los Angeles, naphunzitsa pa California State University. M'zolemba zawo za zaka zimenezi anavomera kuti iwo ndi anzawo ndiwo anakweza mtsogoleri mmodzi pamwamba pa chipani ndi pamwamba pa kudzudzulidwa. Anamwalira pa 24 Sepitembala 1975 ali ndi zaka 45, chaka chomwe likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe. Mbiri ya moyo wawo imene anaisiya yosatha inasindikizidwa pambuyo pake ndi mutu wakuti Hero of the Nation. Akazi awo, mayi Catherine Chipembere, anabwerera kumudzi nasankhidwa kukhala phungu ku Mangochi mu 1994, ndipo msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere.

Kumene mawuwo anakathera

Dzina la chigawenga silinathere pa nduna za 1964. Ogwira ntchito m'boma ndi aphunzitsi ambiri anachotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa pongoganiziridwa kuti anali kumbali ya a Chipembere kapena a Chiume. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi. A Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, ndipo mtundu unauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Koma a Blackwood, amene anaopsezedwa ku Rumphi, anakhalabe m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi zaka zambiri a Chipembere atathawa. Mkondo umene unasulidwira mlendo unalasa ana a pakhomo. Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Muyeso umodzi

N'kulakwa kunena kuti mawu a munthu mmodzi ndiwo anabala zonsezi. Chitaganya, malimidwe, tiki ya kuchipatala ndi lipoti la Skinner zinali zinthu zenizeni zopweteka anthu, ndipo wotola chibonga ali ndi mlandu wake umene sangausenzetse wolankhula pa nsanja. N'kulakwanso kunena kuti mawu ndi mphepo chabe. Anyamata amene anatentha nyumba mu 1960 ndi amene anamenya nduna mu 1964 anali ataphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuti wotsutsa ndi wogulitsa dziko, ndipo wogulitsa dziko sayenera kumveredwa chisoni.

Chimene moyo wa a Chipembere umaonetsa n'chakuti chipani chilichonse cha masiku amenewo chinali ndi miyeso iwiri, wina woyezera mawu a adani, wina woyezera mawu a ana ake. Lilime lomwelo linatchedwa la ngwazi pamene linaloza a Blackwood, n'kutchedwa la chigawenga pamene linaloza Nduna Yaikulu, ngakhale kuti m'Nyumba ya Malamulo mu 1964 linalankhula mofatsa koposa mmene linalankhulira ku Rumphi. Akadapezeka akuluakulu a chipani owadzudzula mu 1960, pamene anali wokondedwa wa onse, pakadakhala mwambo wowateteza mu 1964, pamene anatsala okha.

Mphunzitsi wa ku Nambuma, mlangizi wa ku Nsaru ndi kalaliki wa kwa Kabudula amatumikira anthu a zipani zonse, ndipo pakagwa chipolowe anthu amafuna kumva maganizo awo. Makalaliki a ku Zomba amene anatola zibonga mu 1964 anali ndi madandaulo oona, koma anataya ntchito, ena ufulu, ndipo madandaulowo sanathe. Wantchito wa boma amathandiza dziko koposa akamasunga muyeso umodzi. Mawu oopseza phungu ayenera kudzudzulidwa tsiku lomwe alankhulidwa, mwala usanaponyedwe, ndipo kudzudzula kumene kumaletsa ngozi ndi kochokera kwa a chipani chomwecho cha wolankhulayo. Kumenya phungu ndi mlandu wa kukhoti, kumene mboni zimafunsidwa ndipo mbali zonse zimamvedwa. Ana a sukulu akamaphunzira za a Chipembere ayenera kumva zonse ziwiri: kulimba mtima kumene kunathandiza kugwetsa Chitaganya pa 31 Disembala 1963, ndi mawu a ku Rumphi amene chipani chawo chinawaombera m'manja.